Gondolosi wa Mbewa Zoyera

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Ndakawatenga achimwene a Symon. Ndawapeza ku Ndamera, kuseri kwa nyumba ya mneneri wina, unyolo kumwendo, mbali ina kumtengo wa masawu. Msana wonse mikwingwirima, ina ikuchucha. Ati akutulutsa mzimu wa mkazi wawo. Ndi chikoti!

Mneneriyo ndamulalatira mpaka mawu kusasa. Kiyi anachita kundiponyera pansi ngati akuponyera galu fupa. Mwayi wake panalibe chikwanje pafupi.

Owapereka kumeneko ndi atsibweni a Fanizo. Anandipeza pamsewu ndikuwakweza achimwene pakabaza. "Iwe mwana wa sukulu, bvesera. Munthuyu sanapite kufa. Ukutengera imfa kunyumba kwako." Ndinawayankha kuti imfayo ndikaisambitsa ndi sopo.

Kupita kufa, kupita kufa, nyimbo yake yomweyo. Mwamuna wafedwa mkazi, ndiye amupezere mkazi wina agone naye kuti ayere, apo ayi aliyense wodya naye mbale imodzi ali pangozi. Achimwene anakana. "Nkhabe." Mawu omaliza amene ndinawamva pakamwa pawo ndi amenewo. Madzi osefukira a Malichi chaka chatha anatenga alamu anga a Evelesi ndi kamwana kawo Miracle, mitembo osapezeka. Kuyambira pamenepo munthu uja anangotseka pakamwa.

Mabala ndawatsuka ndi madzi a mchere. Osabuula n'komwe. Agona m'chipinda changa, ine pamphasa pabalaza. Mipeni, chingwe choyanikira zovala, zonse ndatsekera m'sutikesi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Dzuwa la kuno ku Tengani silikuseka ndi munthu. Magetsi athima m'mawa, jenereta kukana kulira, m'kontena yantchito muja ngati uvuni. Ndaimenya zidendene mpaka yadzuka. Mbewa zoyera zimene ndimasamala m'menemu sizipirira kutentha ngati ife. A Maclean, eni kafukufuku, ali phee mu ofesi yozizira ku Blantyre. Pafoni funso lawo n'limodzi: mbewa zili bwanji? Juliana akhoza kusungunuka, zilibe kanthu.

Lero tayamba kuziyesa. Magulu atatu. Lina ndimalimwetsa madzi chabe, lina mapiritsi a kuchipatala osungunula, lina madzi ofinya ku mizu ya gondolosi. Gulu lililonse inki yake kumchira, za madzi chabe yabuluu. Kenaka imodzi imodzi m'chibotolo chagalasi chodzaza madzi. Imasambira, kukanda galasi, kukandanso, mapeto ake n'kusiya, n'kungoyandama. Ine wotchi m'manja. Yofulumira kugonja ndiye yokhumudwa, amatero mabuku. Yolimbana nthawi yaitali ndiye kuti mankhwala agwira. Ndikatha ndimaivuula, kuipukuta, kubwezera m'khola.

Gilbert, mlonda wathu, mutu pawindo. "Madamu, gondolosi mukumwetsa mbewa amuna tili pompano? Zikwatiranatu mpaka khola kuthyoka." Ndinaseka, sindinama. Chigwa chonse chimadziwa gondolosi ngati wakuchipinda basi. Ukati tikufufuza ngati angachize matenda okhumudwa, amakuyang'ana ngati wadwala ndiwe.

Kunyumba achimwene ndawapeza pamene ndinawasiya, msana kukhoma. Phala la mapira lauma m'mbale, ntchentche zachita phwando.

Loweruka, 12 Okutobala

Kuchipatala mapiritsi a matenda a achimwene kulibe. Ati tidikire galimoto ya mwezi wa mawa. Ulendo wonse uja dzuwa lili paliwombo, kubwerako manja lendelende.

Pofika ndawapeza kuseri kwa nkhokwe ya aneba. Botolo la mankhwala a thonje m'manja, akulimbana ndi chitsekerero. Ndinalimenya ndi phazi, linagwera uko. Kenaka mbama. Ine, kumenya achimwene. Munthu amene anandiphunzitsa sukulu ndi milamba ya m'madambo, ng'ona zikumudutsa pansi pa bwato. Mbama yachiwiri. Ndimafuna andibwezere, anditukwane, andithyole dzino, chilichonse. Maso awo anangodutsa pa ine n'kukaima pakhoma.

Dzanja likuwawabe. Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiya, sindikudziwa chachikulu n'chiti. Mwezi wa mawa n'kutali kwambiri kwa munthu ameneyu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Za gondolosi zikulimbana m'madzi nthawi yaitali kuposa za madzi chabe. Zikutsala pang'ono kufanana ndi za mapiritsi. Ndinawaimbira a Maclean. "Mbewa si munthu, Juliana. Tisathamange." Ndikudziwa. Ndinakhoza mayeso ake amenewo. Koma a Maclean alibe mchimwene wofunafuna mankhwala a thonje.

Gondolosi wa m'kontena sindinakhudze, ndi wa kafukufuku. Ndagula mizu yanga pamsika, ndayanika pakhonde, ndasinja. Kasupuni mu tiyi m'mawa, kena madzulo. Amwa. Mwina chifukwa cha shuga.

Gilbert anandipeza ndikusinja. "Ameneyu ndi wa mbewa, kapena kwabwera alamu athu?" Ine maganizo onse ali kumbale ya phala, ndinangoti ndi wa achimwene. Anati kukamwa yasa, n'kuchoka osatsazika. Ndazindikira ali kale kugeti. Chitsiru iwe Juliana. Wakhalitsa ndi mbewa mpaka waiwala makutu a anthu. Mkazi wosakwatiwa, nyumba imodzi ndi mchimwene wake wofedwa, akumusinjira gondolosi pakhonde masanasana!

Lachisanu, 18 Okutobala

Kumjigo amayi anasuntha zidebe zawo nditafika. Wina analavula. Ireen, neba wanga, amene timabwerekana mchere, anandikokera pambali, mwana wake ali kumbuyo. Anandiuza zonse maso ali pansi.

Ati mwambo wa kupita kufa ndaupanga ndekha ndi achimwene anga. Ati n'chizimba, ndakhwimira ntchito, n'chifukwa chake mkazi ndikulandira malipiro amuna akuyenda pansi. Chachikulu ndi ichi: ati mbewa zoyera za maso ofiira si mbewa. Ndi anthu amene anapita ndi madzi chaka chatha, osapezeka aja. Ndinawasandutsa ine, ndipo tsiku ndi tsiku ndimawamizanso m'botolo, wotchi m'manja. Mboni yoona ndi maso, Gilbert.

Ndinamupeza atagona pansi pa mtengo wa nimu, chipewa kumaso. Chidebe chija chinamutera pamutu ndi madzi ake omwe. Anadzuka akutukwana, mphuno ikutuluka magazi, n'kundigwira pakhosi. Ndinamuluma chala mpaka ndinamva fupa. Otileretsa anali anthu odutsa ndi ngolo ya thonje. "Mwaonatu," anatero akuwaonetsa chalacho, "mfiti imaluma."

Ndamuthandiza ndekha. Mutu wangawu sumva.

Achimwene adya masupuni angapo a phala. Kapena ndikungofuna kuona choncho.

Lolemba, 21 Okutobala

Achimwene kuwasiya okha sindingathenso, ndiye ndapita nawo kuntchito. Ndinawakhazika pampando pakona, pafupi ndi makina oziziritsa. Ndinaganiza kuti saona kanthu. Miyezi yonseyi saona kanthu.

Ndinatenga ya mchira wabuluu, n'kuiika m'madzi. Inasambira, kukanda galasi, timanja tija tikuterereka. Kenaka inasiya. Mphuno yokha pamwamba.

Phokoso limene linatuluka pakona sindinalimvepo kwa munthu. Ngati ng'ombe ikuphedwa. Ndisanatembenuke chibakera chawo chinali chitalowa m'chibotolo. Galasi ponseponse, madzi pansi, magazi mpaka kukhoma. Anagwada m'magalasi momwemo, kuitola mbewa, kuiika pachifuwa, kuifunditsa ndi malaya.

Ine ndinakuwa. "Ndi mbewa chabe! Mwandionongera ntchito!" Mawu anga amenewo. Chibotolo chinalipo chimodzi, china mpaka chichokere ku Blantyre. Ndinafuna kuwalanda, anandikankha ndi phewa ndinakamenya shelefu. Mphamvu zonsezo amazisunga kuti?

Nditakhala pansi m'madzimo ndinakumbukira zimene anandiuza amene anawapulumutsa. Anawapeza mumtengo, dzanja limodzi kunthambi, lina litatambasuka, litafumbata kanthu kosaoneka. Sanalipinde mpaka kumsasa. Ndinazidziwa zimenezi. Ndipo ndinawakhazika pampando kuti aonerere kanthu kakang'ono kakumira.

Dzanja lasokedwa. Mbewa akana nayo. Gilbert anaima pakhomo, maso pamagazi.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mbewa ija ikukhala m'thumba la malaya awo. Pogona m'chitini cha mkaka chobowola. A Maclean ndawauza kuti imodzi yafa ndi kutentha.

M'mawa ndinawaona akusenda mtedza. Theka kwa mbewa, theka pakamwa pawo. Nsawa ina, chimodzimodzi. Anamaliza kambale konse. Masana anatunga okha madzi mumtsuko, kuthira m'chitsekerero cha botolo, otsala n'kumwa. Asamba. Asamba okha!

Ndinathawira kubafa kukalira kuti asandione.

Ndi gondolosi kapena ndi mbewa? Sindidzadziwa. Mchimwene ndili naye mmodzi, sindingamugawe magulu atatu. Ndipo mbewayo ndi ya gulu la madzi chabe, gondolosi sinalaweko. Tiyi uja ndikuthirabe, ndikuopa kusintha chilichonse.

Padenga paponyedwa miyala iwiri dzuwa likulowa. Lata labooka pamwamba pa mphasa yanga.

Lachisanu, 25 Okutobala

Mwana wa Ireen wamwalira. Kutsekula m'mimba kuyambira Lachiwiri, anachedwa naye kwa mneneri yemwe uja. Kamwana konenepa bwino, kamakwawira pakhonde panga. Sabata yatha kanamwera m'kapu ya achimwene. Aliyense akukumbukira kapu imeneyo.

Ndinapita kusiwa. Amayi anatseka khomo ndi matupi awo. Ireen sanadzutse mutu.

Masana atsibweni a Fanizo anafika panjinga, fumbi mpaka m'nsidze. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. "Mwananga, mkazi ndamupeza kale ku Ndamera. Ndipatse Symon lero, mawa anthu amve kuti wayera. Ukakana, mawa pochoka kumanda sabwerera kwawo." Anati iwonso anataya adzukulu awo m'madzi omwewo, sakufuna kuikanso ana a mlongo wawo.

Ndinawafunsa ngati unyolo uja unalinso chikondi. Anagwira achimwene pamkono kuti awadzutse. Achimwene anaphimba thumba ndi dzanja labandeji, n'kukanirira kukhoma. Ndinatola mpini wa khasu. Atsibweni anga enieni, amene anandinyamula ndili khanda. Sindinawamenye, ndinamenya njinga, sipoko zinathyoka. Khoswe wa pamkhate sapheka. Anachoka akuikankha, osacheuka.

A Maclean ati galimoto ibwera Lolemba kudzatitenga, ife ndi mbewa. Ati ndikhale chete, ndisapute anthu. Lolemba!

Madzi ndatunga okwanira. Zitseko ndachirikiza ndi tebulo.

Lachitatu, 30 Okutobala

Kuchipatala. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'chikhakha. Diso limodzi silikutseguka.

Linali Loweruka masana. Anthu aja anachokeradi kumanda, makasu ali ndi dothi lake. Ndinamva nyimbo kaye, ndinayesa ya maliro. Kenaka miyala. Chitseko chinagwa ndi tebulo lomwe. Anandikoka ndi tsitsi mpaka pabwalo la kontena. Bulauzi kung'amba. Mapazi m'nthiti, chidendene kumaso, mpini padzanja, ndinalimva likuthyoka ngati bango. Nkhope zodziwika zonse. Amayi ogulitsa masawu, mphunzitsi wa kwaya, wakabaza amene amanditenga. Gilbert patsogolo ndi chala chake chomanga, chigubu cha petulo wa jenereta m'manja. Anathira kontena kaye, wina n'kuyatsa machesi. Wotsala anali wanga. Tayala linali kale m'khosi mwanga, fungo la petulo m'mphuno.

Wina anandigwera pamwamba. Ndinayesa akundimaliza. Anali atsibweni a Fanizo. "Mwana wa mlongo wanga uyu! Yambani ine!" Anawayambadi. Mitu ya makasu pamsana pa munthu wamkulu, ine ndikumva kugunda kwake kudzera m'thupi lawo. Sanachoke.

Achimwene palibe anawagwira, amaopa imfa ili pa iwo. Anadutsa pakati pa anthu ngati akupita kudimba, n'kulowa m'kontena moto uli kale kudenga. Anatuluka ndi makola awiri, kuika pansi, kutsekula. Kubwerera. Ena awiri. Kubwereranso, malaya akuyaka kumsana.

Mbewa zinamwazika pabwalo ponse, zoyera mbee pafumbi, kuthamangira kumapazi a anthu.

Nyimbo inaduka. Palibe anaponda ngakhale imodzi. Amuna akuluakulu kudumpha, kubwerera chammbuyo, makasu kugwa. Anakhulupiriradi. Ine ndimayesa amangofuna chifukwa chondiphera, koma anakhulupiriradi kuti ndi abale awo. Mayi wina anagwada, manja pansi, kuitana. "Daliso! Daliso mwananga, ndine mai wako!" Wina anayamba kuitana mwamuna wake. Kenaka bwalo lonse maina okhaokha, aliyense kukwawa kutsata mbewa yake, kulira kumene sanalire chaka chatha chifukwa panalibe mtembo woulirira. Wa machesi uja anali chigwadire, bokosi lili pansi.

Ine ndi tayala langa m'khosi ndinaliranso. Ndinawada, ndimawadabe, koma ndinalira nawo.

Apolisi anatipeza choncho.

Lachisanu, 1 Novembala

Atsibweni nthiti zathyoka, akulavula magazi, koma ati achira. Ndinapita kukawaona. Anatembenukira kukhoma. "Njinga yanga," basi. Ndinawathokoza, ndinati takhuta, atsibweni.

Gilbert ali m'chitokosi ndi ena. Kontena yatsala chigoba. Zonse za kafukufuku phulusa, mbewa zili m'tchire, akabawi akhuta. A Maclean ati akulemba lipoti. Alembe.

Achimwene ali m'chipinda cha opsa. Msana, mikono, khutu limodzi. Dilipi. Adokotala ati mabala okha sangawaphe, koma akapanda kudya sapola. Mnofu watsopano umafuna chakudya. Akukana. Mano gwa.

Anamwino anandipatsa malaya awo m'pepala la pulasitiki, ati ndikataye. Nditagwira thumba ndinamva kanthu. Inali momwemo. Yopsa mbali imodzi, youma, mchira wabuluu uli bwinobwino. Anatulutsa zonse zija, iyi anaiwala kuti ili pachifuwa.

Ndaikwirira kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, ndi supuni. Sindinauze munthu.

Lamulungu, 3 Novembala

Alankhula.

Ndimawapukuta milomo ndi kansalu konyowa. Diso linatseguka, linandipeza. Linaima pa ine, osati pakhoma. Mawu okhwekhwereza ngati chitseko chadzimbiri. "Juli. Yadya?"

Chaka ndi miyezi ndikupempha Mulungu liwu limodzi. Liwu lake n'limeneli.

Ndinati yadya. Ndinati ili m'chitini kwa anamwino, muno saloleza nyama. Ndinati yanenepa, ikuvuta, yaluma namwino wamkulu. Mabodza ankangotuluka okha ngati ndinabadwira kunama. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka. "Usaiikenso m'madzi." Ndinalumbira.

Kenaka anayasamula. Phala supuni imodzi, ina, ina. Mbale yonse. Theka la nthochi, theka linalo ati ndikaipatse. Ndinalidya ndekha pakhonde.

A Maclean abwera mawa. Anafunsa pafoni chimene ndikusowa: zovala, sopo, loya? Ndinati mbewa imodzi yoyera, yaikazi, yaing'ono. Ndi inki yabuluu. Anafunsa ngati mutu anandijambula. Ndinati bweretsani basi.

Ija inali ndi kachilema kukhutu lamanzere, kong'ambika pang'ono. Achimwene akudziwa, amaisisita pomwepo. Kalumo ndili nako m'chikwama. Dzanja lamanzere silinazolowere, koma n'kungodula khutu la yatsopanoyo pang'ono chabe, sizimva kupweteka kwambiri, ndazichitapo kambiri kuntchito. Akazindikira sindikudziwa kuti

Akuitana. Akufuna chitini.